Munda wa a Teleza Kuseri kwa Nansenza

Mukakumana ndi a Teleza panjira n'kuwafunsa kumene akupita, amayankha kuti, "Apapa." Mukawafunsa kumene achokera, yankho limakhala lomwelo. Anthu a m'mudzi mwawo anazolowera. Amati mayiwa si oipa mtima, pamaliro amafika msanga, odwala amakawazonda, koma mawu awo ndi ochita kukumba ngati mbatata ya m'chilimwe.

Ndi mayi wamfupi, wopyapyala, ndipo msana unayamba kale kupindika. Nsonga za zala zawo zinada n'kung'ambika, monga zimakhalira kwa munthu amene wathyola tiyi moyo wake wonse. Anabadwira m'malaini a pa esiteti ina kuno ku Thyolo, cha kumbali ya ku Chimaliro. Bambo awo ankasonkha moto ku fakitale, amayi awo ankathyola. Sukulu anailekeza pa sitandade folo, chaka chimene dengu la amayi awo linayamba kulemera pa sikelo chifukwa tsopano munkathira manja anayi. Atasinkhuka, kapitawo anawalemba dzina lawolawo n'kuwapatsa dengu lawo. Anzawo amene ankathyola nawo amakumbuka kuti pa sikelo a Teleza sankacheza. Ena akuseka, akupukuta mvula kumaso, iwo maso ali pa muvi wa sikelo, kenaka pa dzanja la kalaliki, kenaka pa muvi.

Anakwatiwa ndi a Kingsley, mmisiri wa matabwa wa ku Goliati, munthu wanthabwala amene ankaimba akamapala thabwa. Anabereka ana atatu, mmodzi anamwalira ali wakhanda. A Kingsley anadzapita ku Joni ndi anzawo, atalonjeza kuti chaka chisanathe atumiza malata. Malata sanabwere, eni ake sanabwerenso, ndipo mpaka lero palibe akudziwa ngati ali moyo. Ena amati a Teleza anasiya kukhulupirira anthu nthawi imeneyo. Koma a Debora, msuweni wawo amene anakulira nawo limodzi, amati ayi, mwali ameneyu anabadwa choncho: ali mwana, ukamupatsa nthochi ankayamba waitembenuza mbali zonse.

Msana utakana, ntchito inatha, ndipo nyumba ya m'malaini inathera pomwepo, pajatu nyumba ya pa esiteti ndi ya dengu, si ya munthu. Anasamukira kumudzi kwa abale a amayi awo, mudzi wopanikizika pakati pa tiyi ndi msewu, kumene ukataya madzi otsukira mbale amakagwera pakhomo pa mnzako. Mwana wawo Dixon amagulitsa kaunjika ku Limbe, mlongo wake anakwatiwa ku Bvumbwe. Onse amawakumbuka amayi awo, koma nawonso ali ndi ana ofuna kudya. Chimene chimawadyetsa a Teleza ndi munda, ndipo mundawo suli m'mudzi.

Kuti ukafikeko umadutsa m'nkhalango ya bulugama ya esiteti, kutsata kakhwawa, n'kukwera mpaka pamene mitengo yathera. Pamenepo pali miyala ikuluikulu yosanjikizana ngati anachita kuiika munthu. Waukulu kwambiri ndi wautali, wochepa m'chiuno, ndipo pamutu pake pakhala mwala wina wopingasa umene ukauyang'ana umati ugwa lero. Anthu amautcha Nansenza, poti umaoneka ngati mayi wosenza mtolo wa nkhuni. Mutu wake umaoneka kuchokera kumsewu, koma kuseri kwake kuli kachidikha kamene sungakaone pokhapokha utafikapo. M'menemo ndi momwe muli chinangwa cha a Teleza, nandolo, nthochi zingapo, ndi nyemba za kalongonda zoyanga m'miyala.

Malo amenewo ndi a yani? Funso limenelo a Teleza safuna kulimva. Alonda a esiteti amathera mu bulugama, kumtunda sakwera, amati kuli mbobo. A Teleza nkhani ya njoka zimenezo saitsutsa, nthawi zina amaionjezera utali.

Pansi pa miyalayo pali phanga. Munthu amalowa chowerama, koma mkati amaima bwinobwino, ndipo mungagone banja lathunthu. Denga lake ndi lakuda bii ndi mwaye wakalekale. Pakhomo, pathanthwe, pali maenje osalala momwe anthu ankaperamo mapira, ndipo ukapalasa pansi umatola mapale a miphika. Agogo awo a a Teleza, atawoloka kuchokera ku Mozambique, anagona m'menemo dzinja lonse asanalembedwe pa esiteti. Iwonso mwayewo anaupeza ulipo kale.

Khoma la kumanzere ndi lomatidwa. Ndi dothi la pachulu, lomata ndi manja, kuyambira m'chiuno mpaka pamene mkono ungafike. Chaka chilichonse mvula ikatha, chinyezi chimagwetsa zigamba zina, ndipo a Teleza amakanya dothi lina n'kumatanso. Ntchito imeneyi anaiphunzira kwa amayi awo.

Amayi awowo ali mtsikana anaona tsiku lina kukubwera amuna atanyamula tcheni chachitali ndi chitini cha penti wofiira. Ankayeza n'kupaka chizindikiro pamtengo, kuyeza n'kupaka pamwala. Akuluakulu ankangoonerera, ana akuthamangira pambuyo. Mvula yotsatira, minda yonse imene inali mkati mwa zizindikirozo inabzalidwa bulugama. Ndiye patapita zaka, amayiwo atatsegula kamunda kuseri kwa Nansenza, analowa m'phangamo kubisala mvula. Maso atazolowera mdima anaona zofiira pakhoma: mizere yotsika, timadontho, ndi zozungulira zina mkati mwa zinzake. Sanafunse munthu. Mvula itangokata anapita pachulu ndi khasu.

"Awa ndi malire a esiteti," anamuuza Teleza atafika msinkhu wosunga nkhani. "Anapaka n'kuiwala. Tsiku lina adzakumbuka, adzabwera kudzawafuna. Asadzawapeze. Akapanda kuwapeza alibe poyambira."

Amayiwo anamwalira, a Teleza anapitiriza kumata. Zaka zonsezi ankayembekezera amuna a tcheni. Koma amene anadzabwera sanali mwamuna, ndipo analibe tcheni.

Munali m'mwezi wa Juni, chiperoni chitagwira. A Teleza ankadutsa pamsewu pamene a Debora amagulitsira nthochi ndi nzimbe.

"Achemwali, taimani! Mwatchukatu," anatero a Debora akuseka. "Anthu a ku ofesi akukufunani."

A Teleza anaima, koma mtolo wa nkhuni sanatule.

"Ofesi iti?"

"Ya esiteti, inanso iti? Kwabwera madamu wina watsopano, dzina lake Pearl, wa ku Dedza. Kamtsikana kabwinobwino, kovala buluku ngati kamnyamata. Amagula nthochi pano. Ndiye dzulo akuti, 'Amayi, mwala uwo ukuoneka pamwamba pa mitengowo, kumapitika?' Ine ndati eee. Akuti, 'Kulibe phanga?' Ndati liliko, koma eni ake ndi a Teleza."

"Eni ake."

"Nanga ndikanati chiyani?"

"Mukanati simukudziwa, Debora. Pakamwa panupo pakufunika chitseko."

"Iii, munthu wafunsa mwaulemu! Akuti ndi chizolowezi chake, Loweruka likafika amakwera minibasi kukaona miyala ndi mapanga. Wafika ku Mulanje, ku Chiradzulu, kaya kutinso. Akuti amakonda."

"Amakonda miyala."

"Eya."

"Munamuonapo munthu wolandira pamwezi akukonda mwala?"

A Debora anaseka mpaka kutsokomola, koma a Teleza sanaseke. Njira yonse yopita kunyumba ankasinkhasinkha. Atumiziranji mkazi? Chifukwa mwamuna tikanamuzindikira msanga. Asankhiranji wa kutali? Chifukwa alibe m'bale kuno woti amumvere chisoni. Ndipo wayambira kwa Debora, amene ukamugula phava limodzi la nthochi amakuuza ndi za agogo ake zomwe. Zonse zinkagwirizana.

Loweruka m'mawa kunamveka odi. Anali mtsikana wamtali, wa magalasi, kachikwama kumsana. Anakana mpando, anakhala pakhonde, n'kupereka moni wa manja awiri. Anatulutsa paketi ya shuga ndi buledi. A Teleza anathokoza bwinobwino, n'kuziika patali pang'ono, pamene dzanja silingafike.

"Ine ndine Pearl, amayi. Ndinakulira pafupi ndi phiri lina kwathu ku Dedza, kumene kuli mapanga ambiri. Tili ana tinkasewera m'menemo. Ndiye kulikonse kumene ntchito yandiponya ndimafunsa, ndikaona mwala wachilendo miyendo imayabwa." Anatulutsa foni, n'kuisuntha chala. "Kwathuko m'mapanga ena muli zinthu ngati izi. Kodi m'phanga la kumtunda uko mulibe zoterezi?"

A Teleza anayang'ana. Mizere yotsika, timadontho, zozungulira mkati mwa zinzake, zonse zofiira. Zinali zofanana ndi za m'phanga muja. Ndiye ali nacho ndi chithunzi chomwe, akungofuna chinzake kuti alumikize.

"Maso angawa saona bwino pagalasi," anatero. "Koma mulibe. Muli mileme ndi ndowe zake. Ndi mbobo."

"Kuzizira kuno njoka zimagona, amayi," anatero Pearl akumwetulira.

"Za kuno sizigona."

"Simungandiperekeze tsiku lina? Ngakhale kungoona mwalawo pafupi."

"Msana."

"Pepani, musavutike. A Debora andilongosolera kuti ndi kungotsata khwawa. Ndidzayesa ndekha sabata yamawa."

Mtsikanayo atatsanzika, a Teleza anakhala pakhondepo nthawi yaitali. Dothi linali lokwanira kubisira munthu wongodutsa. Koma munthu wodziwa chimene akufuna, akaona khoma limodzi lomatidwa m'phanga la mwala, angopalapo ndi chikhadabo. Zimene amayi awo anasiya sizikanathandizanso. Panatsala kuchotseratu. Dzuwa litapendeka pang'ono, mitambo ikuyamba kuyera, anatenga khasu lakutha lopanda mpini, kansanza ndi chigubu cha madzi, n'kulowa mu bulugama.

M'phangamo munali mozizira. Anagogoda dothi ndi khasu, zigamba zikugwera kumapazi, za chaka chatha ndi za zaka zina zimene mwina anamata amayi awo. Kenaka ananyowetsa kansanza n'kupukuta. Zofiira zija zinatuluka, zikuwala ndi madzi. Chiyambire anali asanazionepo zonse pamodzi, ankangoona pamene pagwa chigamba, n'kutseka msanga. Zinali zambiri kuposa m'mene ankaganizira. Anaika khasu pa chozungulira chachikulu n'kukoka kamodzi. Mwala unalira, ndipo mzere woyera unadula chofiiracho pakati.

"Amayi! Amayi, chonde, musatero!"

Pakhomo pa phanga panali Pearl, atawerama, akupuma mothamanga. Buluku lake linali lodzaza chisoso, ndipo chisoso cha kumtunda kuno chimamera malo amodzi okha, m'mphepete mwa munda wa a Teleza.

"Sabata yamawa yafika msanga," anatero a Teleza.

"Kunja kwayera, ndiye ndinati ndingoona njira. Sindimadziwa kuti muli kuno. Ikani khasulo pansi, ndapota nanu."

"Kuti mukawauze kuti mwawapeza."

"Ndikauze ndani? Ndapeza chiyani?"

"Musandiyese mwana, madamu. Tiyi wanuyo ndinayamba kuthyola inu musanabadwe. Mwatumidwa kudzafuna malire a esiteti, ndi awa. Munda mwauona, mwaupondanso. Pitani mukanene. Koma pobwera ndi alonda mudzapeza mwala woyera."

 Pearl anakhala pansi, pafumbi pomwepo.

"Ine ku ofesi ndimayang'anira sitolo ya feteleza ndi mankhwala opopera. Za malire sindidziwa ngakhale kabati imene amasungamo."

"Wotumidwa aliyense amatero."

"Chabwino, tiyerekeze kuti ndatumidwa. Inuyo malire a esiteti kumunsi uko munawaonapo?"

"Ndinawaona. Bikoni wa simenti, ndi penti m'mitengo."

"Ali poonekera kapena pobisika?"

A Teleza anayang'ana pakhoma, Pearl n'kupitiriza.

"Woika malire amafuna aliyense aone, amayi. Angakwawe kulowa m'phanga, n'kukapaka kumdima kumene ngakhale mwini wake sangadzapezenso? Taonani kukula kwa mzere uwo. Musakhudze, mungoyandikiza chala."

Khasu sanalisiye. Anayandikiza chala cha dzanja lina. Mzerewo unali wofanana ndi chala chawo ndendende. Pambali pake panali mizere itatu yotsika pamodzi, wapakati wotalikirapo, monga zimatsalira pa dothi munthu akakoka zala pomata. Sanali burashi ameneyu.

"Awa ndi manja a anthu amene ankakhala muno kalekale," anatero Pearl motsitsa mawu. "Tiyi asanabwere, agogo anu asanabwere, ngakhale makolo a kwathu. Ife timawatcha Akafula. Amati ankapera mwala wofiira n'kumapaka ndi zala. Tanthauzo lake palibe amene akulidziwa bwinobwino."

A Teleza anakumbuka amayi awo m'zaka zawo zomaliza, chifuwa chikulira, akukwera ndi chidebe cha dothi pamutu, kudzabisira esiteti chinthu chimene mwina esitetiyo sinachidziwepo. Anapsa mtima, koma osadziwa kuti apsere ndani. Mtsikanayu akhoza kukhala kuti akunama, anthu a sukulu amadziwa kukonza mawu. Koma zala zitatu zija sanazikonze iye. Dzanja la khasu linatsika pang'ono.

Pearl ataona kuti latsika anadzuka, nkhope yawala. Anayatsa tochi ya foni, mawu akuthamanga.

"Amayi, simukudziwa chimene mwasunga! Ine kuno ku Thyolo ndinali ndisanazionepo. A boma oona zakale akamva abwera, adzajambula, mwina adzaika chikwangwani kumsewu. Ana a sukulu azibwera, alendo azibwera, mwina inuyo muzidzawaperekeza."

"Azidzera pati?"

"Pepani?"

"Alendowo. Njira ndi imodzi. Azidzera pati?"

Pearl anacheuka. Pakhomo pa phanga pankaoneka nandolo, maluwa ake achikasu akugwedezeka ndi mphepo.

"Kwanu ku Dedzako," anapitiriza a Teleza, "pamene anaika chikwangwani, pakhomo pa phanga pali munda wa munthu?"

Mtsikanayo anazimitsa tochi.

"Kumene ndinafikako ine, ayi. Koma malamulo ake sindiwadziwa. Sindingakunamizeni."

"Ndipo a bomawo akabwera, ayamba afunsa ku ofesi kwanu kuti malo ano ndi a yani."

"Mwina."

"Ndiye amayi anga sanalakwitse kwenikweni. Anangolakwitsa mwini wake."

Anakwezanso khasu.

"Dikirani! Sindiuza munthu aliyense. Ndikulumbira, amayi."

"Kulumbira ndinakumvapo kwa mwamuna wanga, chikwama chili m'manja."

"Nanga ndichite chiyani kuti mukhulupirire?"

Kukhulupirira kunali kutali. Koma pa esiteti a Teleza anaphunzira kuti mlonda amene wakusenzetsa mtolo wa bulugama wakuba sakakuneneza, poti naye dzanja lake lilipo. Anamuyang'ana mtsikanayo kuyambira ku magalasi mpaka ku nsapato.

"Pobwera mwajambula chiyani?"

Pearl anaonetsa. Nansenza kuchokera mu bulugama. Nansenza chakumbali, mwala wapamutu ukuoneka ngati walendewera. Nansenza chakuseri, ndipo m'munsi mwake chinangwa chobiriwira, mizere yake yowongoka bwino, yoti aliyense angadziwe kuti sichinamere chokha.

"Fufutani. Zonse."

Chala chinayenda, zithunzi zikuzimirira chimodzichimodzi.

"Zapita kuti?"

"Zafufutika."

"Ndikuti zapita kuti?"

"Kulibe kumene zapita, amayi. Zatha basi."

A Teleza sanakhulupirire kuti chinthu chingachoke osapita kwina, koma anangozisiya. Anatenga foniyo, n'kuimanga pa nsonga ya chitenje.

"Mwayenda mtunda. Yang'anani mukhute, ine ndikubwera."

Anatuluka ndi khasu kupita pachulu. Akukumba ankasuzumira. Mtsikana uja ankayenda pang'onopang'ono kutsata khoma, manja ali kumbuyo ngati munthu woopa kuswa zinthu m'sitolo. Atafika pa mzere woyera uja anaima nthawi yaitali, anavula magalasi n'kupukuta m'maso. A Teleza anadabwa. Munthu wotumidwa angalirire mwala? Angalire ndithu, ngati anamuuza kuti akaupeze wathunthu.

Anakanya dothi pathanthwe ndi madzi a m'chigubu, n'kulikokera mkati.

"Vulani wotchi."

Pearl anayang'ana dothi, n'kuyang'ana khoma.

"Amayi, dothi limaononga. Limasunga chinyezi. Taonani apa zayamba kufwifwa."

"Lakhala pamenepo kuyambira amayi anga ali ndi mano onse, ndipo mwazipeza zilipo. Sankhani, madamu, dothi kapena khasu."

Pearl anavula wotchi. Anatapa dothi, analiika pakhoma mwaulemu ngati akupaka mafuta khanda, ndipo linagwera pa nsapato zake.

"Kwanu simumata nyumba?"

"Yathu ndi ya njerwa zootcha."

"Zikuoneka. Ponyani kaye, ligwire, kenaka musalaze. Musalinyengerere, si mlendo."

Lachiwiri linagwira. Anagwira ntchito awiri, a Teleza m'munsi, Pearl m'mwamba poti ndi wamtali. Timadontho tinalowa, mizere itatu ija inalowa. Chozungulira chachikulu a Teleza anachisiya dala mpaka pomaliza, n'kubwerera m'mbuyo.

"Icho tsekani nokha."

Mtsikanayo anaima ndi dothi m'manja kwa kanthawi, kenaka anaponya, n'kusalaza.

"Tsopano mukadzabwera ndi a boma," anatero a Teleza, "ndidzawauza kuti khoma ili tinamata awiri, ine ndi madamu a ku ofesi odziwa zakale. Akadzakana, zala ndi izi. Zazitalizi si zanga."

Pearl anaseka kuseka kopanda mphamvu, akuchotsa dothi m'zikhadabo.

"Amayi inu mukanakhala loya."

"Ndikanakhala ndi nyumba ya njerwa."

Potsika a Teleza anamutsogoza, kuti aone kumene akuyang'ana. Foni anamubwezera atafika pamene bulugama wathera ndi kuyamba tiyi. Pearl anailandira ndi manja awiri.

"Chaka chamawa pomata, simungandiitane? Ndidzangoona pamene pagwa chigamba. Foni ndidzasiya kunyumba."

"Tidzaona."

Miyezi yotsatira a Teleza sanakhale mtima m'malo. M'mawa uliwonse ankayamba ayang'ana mchenga wa m'khwawa ngati mwaponda nsapato. Galimoto ya esiteti ikaima pafupi ndi nkhalango, ankasiya chimene akuchita mpaka itanyamuka. Tsiku lina anaona amuna awiri atanyamula chingwe m'mphepete mwa bulugama, koma anali odzadula mitengo ya ku fakitale. Pearl ankagulabe nthochi pamsewu. Akakumana ankapereka moni wake wa manja awiri, kufunsa za msana, osatchula mwala.

"Madamu uja phanga munamuonetsa?" anafunsa a Debora tsiku lina.

"Anaopa mbobo."

"Iye akuti anafika, koma akuti mulibe chilichonse, mileme yokhayokha. Akuti anangotaya nthawi, bola ku Mulanje. Ananena nkhope ili gwaa, mpaka ndinamumvera chisoni."

A Teleza anagwedeza mutu. Panjira anaganiza kuti mtsikanayo wasunga pangano. Asanafike pakhomo anaganizanso kuti munthu wodziwa kunama bwino chotero, nkhope osasintha, angathe kunamiza aliyense.

Nandolo anakhwima, anathyola. Kalongonda anakolola, wina anapatsako mwana wawo wa ku Bvumbwe. Kumtunda sikunabwere munthu, kumsewu sikunaikidwe chikwangwani. Mvula yoyamba itagwa, anazula chinangwa chonse chimene chinatsala. Chaka chilichonse, tsiku lozula ndi tsiku lomwe ankadula mitengo yake n'kubzala china. Ulendo uno m'mizeremo anabzalamo chimanga chocha msanga, nyemba ndi mbatata, zinthu zoti mvula imodzi yomweyi zipse n'kutsika kunyumba. Mitengo ya chinangwa anaimanga mtolo, n'kuisenza mpaka pakhomo pa a Debora.

"Achemwali, mwasiya chinangwa? Inuyo?"

"Bzalani kuseri kwanuko. Si chanu, mundisungire mbewu."

"Kumtunda kwatani?"

"Sikunatani. Chinangwa chimachedwa. Ndiyambe ndaona kuti chaka chino chitha bwanji."

"Inu mudzafa ndi maganizo, mwali. Malo ake ali kuti pakhomo pano? Mukufuna ndibzale padenga?"

A Debora analankhula zambiri, koma mtolowo analandira. Madzulo omwewo anabzala mzere umodzi kuseri kwa bafa, pakati pa mpanda ndi khola la nkhuku.